Zala Zakuda za Lestina

Lestina anali atakhala pa chidebe kuseri kwa nyumba, dzanja lamanja ataliviika m'kambale ka jiki. Misozi inkalengeza m'maso, koma dzanjalo sanalichotse. Mandimu anali atayesa kale, osathandiza. Anayesa phulusa, anayesa mchenga wa kumtsinje, anayesa ndi mwala wokwechera mapazi mpaka khungu linayamba kusupuka. Zala zinangokhala momwemo, zakuda bii.

Munthu amene sanathyolepo tiyi sangazimvetse izi. Tsamba la tiyi ndi lofewa, looneka bwino, koma lili ndi utomoni wake. Ukamalithyola tsiku ndi tsiku, utomoniwo umalowa m'khungu la chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukhazikika m'ming'alu ngati pakwawo. M'dzinja, tiyi akaphuka kwambiri, ndiye usanene. Amayi a m'maesiteti a ku Thyolo kuno amazindikirana ndi zala zimenezi ngakhale akumane m'minibasi ya ku Limbe. Palibe ankachita nazo manyazi. Zinasanduka mlandu sabata imeneyo basi.

Kunali kukubwera chisankho chapadera cha khansala, popeza khansala wakale anamwalira. Zipani zimene zinkalimbana m'deralo zinali ziwiri, cha Ambulera ndi cha Wilibala. A Peterson, amuna ake a Lestina, anali a Ambulera otentheka. Ntchito yawo inali yosonkhezera nkhuni m'ng'anjo ya ku fakitale, koma akaweruka ankakhala wapampando wa chipani kumalaini, nyumba zondondozana zija amakhalamo antchito a pa esiteti. Ambulera ankayenda nayo ngakhale kunja kuli ngwee.

Ndiye pa foni yawo panalowa uthenga wa mawu wa pa Watsapu. Mwamuna wina, wa mawu okhuthala ngati wolengeza maliro pa wailesi, ankanena kuti: "Abale anga a pa esiteti, tcherani khutu. Ndili ndi mnzanga mkati mwenimweni. A Wilibala apangana ndi oyendetsa chisankho. Aliyense wa zala zakuda adzamunena kuti ali ndi inki, wavota kale. Adzamubweza, ndipo akadzalimbalimba apolisi adzamutenga pa mlandu wofuna kuvota kawiri. Tumizani uthengawu kwa anzanu msanga asanaufufute."

A Peterson anautumiza kwa aliyense amene nambala yake anali nayo. Pofika mawa lake, malaini onse anali ataumva.

Lestina za zipani sankalimbana nazo kwenikweni. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi kamlatho ka mitengo ka pa mtsinje wa kumunsi kwa malaini, kamene mwana wake Mwai ankawolokapo popita kusukulu. Mvula ikagwa yambiri madzi ankadutsa pamwamba. Anali atamvetsera misonkhano ya mbali zonse ziwiri, anasankha munthu wake mumtima, ndipo ankangodikira Lachiwiri kuti akaponye voti yake. Tsopano voti ija inali pafupi kumupulumuka chifukwa cha zala.

A Peterson anatulukira pakona ya nyumba, ambulera ili m'khwapa.

"Zikuyera, amake Mwai?"

"Ziyera bwanji? Taonani. Chikuchoka ndi khungu, kuda kuli pomwepo."

A Peterson anayang'ana zalazo, n'kutsonya. "Mwawaona a Wilibala? Anthu oipa mtima! Akudziwa kuti mavoti a pa esiteti pano ndi athu. Koma aona. Ngati ife sitivota, palibe avote. Lolemba tikagwetsa bulugamu wamkulu uja pa msewu wa kusukulu kovoterako. Tione kuti mabokosi awo a mavotiwo adzadutsira pati."

"Abambo a Mwai, mukufuna mukagone kupolisi?"

"Nanga tingokhala manja lende, azitibera tikuona?"

Lestina anachotsa dzanja m'kambale muja, n'kuliuzira. Linkawotcha ngati waligwiritsa poto wa pamoto, ndipo mantha ake tsopano anali awiri.

M'mawa mwake anapita kumunda zala atazikulunga ndi kansalu. Ntchito ya tiyi ndi ya zala: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu la kumsana, masamba awiri ndi kansonga, kuponyanso. Tsiku limenelo tsamba lililonse linkamulasa. Anzake anafika kumapeto kwa mzere iye akadali pakati, dengu lili pululu. Atacheuka anaona kuti sali yekha. Amayi ena angapo analinso ndi tinsalu m'zala, ena atapaka mafuta a mgwalangwa.

"Ine sindipitako," anatero mmodzi. "Ndisiye ana, ndikagone m'chitolokosi chifukwa cha khansala? Akavote omwewo."

"Nanenso ayi," anavomera wina. Mzere wonse unagwirizana nazo.

Alesi yekha ndi amene ankathyola mwakachetechete. Ameneyu anali mayi wachikulire wa ku Mphuka, wothyola tiyi kuyambira ali mtsikana, ndipo pakamwa pake panalibe chotsekera.

"Ine izi sizikundikhudza," anatero osaleka kuthyola. "Ndinalembetsa kwathu ku Mphuka, chisankho chanuchi sindivota nawo. Koma tandiuzani, bambo wa m'foniyo dzina lake ndani?"

Palibe anadziwa.

"Akuti ali ndi mnzake mkati," anayankha wina.

"Mkati mwa chiyani? Mwa thumba la chimanga?"

Amayi anaseka, koma mantha sanachoke. Kuseka n'kosavuta, chitolokosi ndi nkhani ina.

Masana anatsikira ku shedi kokapimitsa masamba pa sikelo. Kunja kwa shediyo, pansi pa mtengo wa mapeyala, kunkakhala Mwajabu ndi beseni lake la zitumbuwa. Mwajabu anali mkazi wa a Uledi, amene ankayendetsa lole yonyamula nthochi kupita nazo ku Bvumbwe ndi ku Limbe. Iye ndi Lestina anadziwana ku sikelo ya ana, mmodzi atabereka Mwai, wina Husna, ndipo kuyambira pamenepo ankapatsana mchere ndi nkhani zomwe. Koma a Uledi anali a Wilibala otentheka mofanana ndi a Peterson. Kampeni itangoyamba, a Peterson analamula kuti m'nyumba mwawo musalowenso chitumbuwa cha Mwajabu, ati ndi chitumbuwa cha Wilibala. Abale inu, chitumbuwa chili ndi chipani? Komabe Lestina, pofuna mtendere wa m'nyumba, ankangodutsa atayang'ana kumbali.

Tsiku limenelo Mwajabu sanapirire.

"Amake Mwai, zala zatani?"

Lestina anafuna kupitirira, koma ululu ndi mkwiyo zinamuimitsa. "Mukufunsa ngati simukudziwa! Si inu a Wilibala mwapangana zodzatibweza pa mzere?"

"Ife?" Mwajabu anadzuka, beseni linatsala pang'ono kugubuduka. "Walahi, amake Mwai, musandiyambe! Ndi inu a Ambulera mwapangana zimenezo. Taonani mwandichititsa!"

Anavula kajumbo kamene anavala kudzanja potolera zitumbuwa. Sabata yapitayo kunali ukwati wa mng'ono wake Aliya ku Bvumbwe, ndipo monga amachitira amayi achisilamu pa ukwati, anakongoletsa manja ndi hina. Nsonga za zala zinali zofiira moderako. Khungu linali losupukasupuka, ndipo fungo la jiki linkamveka.

Anayang'anana. Lestina anatulutsa kafoni kake kosweka galasi, n'kutsegula uthenga uja. Mwajabu anamvetsera kukamwa kuli yasa. Kenako anatulutsa yake.

"Abale anga a pa tauni ndi m'midzi, tcherani khutu. Ndili ndi mnzanga mkati mwenimweni. A Ambulera apangana ndi oyendetsa chisankho. Aliyense wa zala zakuda, kaya ndi tiyi kaya ndi hina, adzamunena kuti wavota kale..."

Anali mawu omwewo, a munthu yemweyo. Pamene ankatsokomola mu uthenga wa Lestina, ankatsokomolanso mu wa Mwajabu. Ndipo chapatali, m'mauthenga onse awiri, mbuzi inkalira.

"Ngakhale mbuzi yake ndi yomweyo!" anakuwa Alesi, amene anali ataima kumbuyo kwawo dengu lili kumsana.

Lestina anayamba kuseka. Mwajabu naye anayamba. Anaseka mpaka anagwirana mapewa, aliyense atakweza dzanja lake lopweteka m'mwamba kuti lisagundidwe.

"Mukudziwa," anatero Mwajabu akupukuta misozi, "abambo a Husna akuti Lolemba akapingasa lole yawo pa msewu wa kusukulu kuti mabokosi asadutse."

"Athu akuti akagwetsa bulugamu pa msewu womwewo!"

"Iii! Ndiye bulugamuyo adzagwera lole yathu!"

Anasekanso, koma kuseka kwachiwiriku sikunapite patali. Lestina anaona m'maganizo mwake amuna a nkhwangwa akukumana ndi amuna a zitsulo zomasulira matayala, pa msewu umodzi, aliyense akukhulupirira kuti mnzake ndi wakuba.

"Amake Husna, apa pafa munthu," anatero.

"Ndiye titani?"

"Tikafunse eni ake. Takhala tikufunsa foni, foni siyankha."

Mwajabu anakumbukira kuti oyendetsa chisankho anali kusukulu sabata yonseyo, kuphunzitsa anthu odzagwira ntchito pa tsiku lovota. Anasiya beseni m'manja mwa Alesi, amene analonjeza kuti adya ziwiri zokha, ndipo awiriwo anauyamba ulendo wokwera chitunda.

Kusukuluko anapeza mayi Teleza, amene ntchito yawo inali yophunzitsa anthu za kavotedwe. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosachedwa kuseka. Anamvetsera mauthenga onse awiri mpaka kumapeto. Atayang'ana zala za amayi awiriwo, kuseka kunawathera.

"Kalanga ine! Mwadzipweteka chonchi chifukwa cha bodza? Choyamba, mukachoka pano mudutsire kuchipatala cha pa esiteti akakupatseni mankhwala opaka, ndipo jiki musamuyandikirenso. Chachiwiri, mwachita bwino kubwera. Kodi amene aumva uthengawu ndi ambiri?"

"Malaini onse," anatero Lestina. "Amayi akuti sapita kukavota."

"Ndiye kuyankha inu awiri nokha sikukwanira. Mawa nthawi yopima masamba ndibwera ku shedi. Ndikapempha chilolezo kwa akapitawo. Amuna anuwo abwerenso."

Kuwabweretsa amunawo kunali kosavuta kuposa momwe ankaganizira. Lestina anangouza a Peterson kuti a Uledi akakhalako ndipo akalankhula. Mwajabu anauza a Uledi kuti a Peterson akakhalako ndipo akalankhula. Onse awiri anafika nthawi isanakwane, wina ndi ambulera, wina atavala malaya ojambulidwa wilibala kumsana. Anaima motalikirana, osapatsana moni.

Akapitawo, a Raphael, anaimitsa sikelo kwa kanthawi. Anthu anadzaza shedi mpaka panja. Mayi Teleza anayatsa chimkuzamawu chawo, n'kuika foni ya Lestina pakamwa pake. Uthenga utatha, a Peterson anagwedeza mutu mwamphamvu.

"Mwamva nokha!" anatero, akuloza a Uledi ndi ambulera.

Mayi Teleza anaika foni ya Mwajabu. Mawu aja atangoyamba, ambulera ija inayamba kutsika pang'onopang'ono. Bambo uja atatsokomola, anthu anayamba kung'ung'udza. Mbuzi italira, shedi yonse inaphulika ndi phwete. Ena anakhala pansi, ena ankamenya madengu. A Uledi anavula kachipewa kawo, n'kukanda m'mutu, n'kukavalanso.

"Ndani akumudziwa bambo ameneyu?" anafunsa mayi Teleza phokoso litachepa.

Palibe anakweza dzanja.

"Watchula dzina lake? Watchula dzina la mnzake wa mkatiyo? Wanena kumene anapanganirako? Ayi. Wangoti tumizani msanga. Munthu akamakufulumizitsani kuti musapeze mpata woganiza, dziwani kuti pali chimene akubisa. Ine sindikumudziwa, ndipo sindinamizira chipani chilichonse. Mauthengawa tawapereka kwa akuluakulu athu kuti afufuze. Koma chimene akufuna chikuoneka poyera. A Ambulera wawauza kuti akhale pakhomo. A Wilibala wawauzanso kuti akhale pakhomo. Nonse mukakhala pakhomo, khansala wanu adzakusankhirani ndani?"

Mayi wina anakweza dzanja lake lakuda. "Komabe, amayi, zalazi bwanji? Sadzatibweza?"

"Ndabwera ndi yankho m'botolo." Mayi Teleza anatulutsa kabotolo ka inki m'chikwama. "Iyi ndi yofanana ndi imene tidzagwiritse ntchito. Ndikufuna chala chimodzi chakuda kwambiri."

A Peterson, pofuna kudziwombola pa manyazi, anakoka Lestina pamkono. "Nachi cha akazi anga!"

"Ayi, bambo!" Mayi Teleza anabweza botolo msanga. "Inki imeneyi sichoka lero kapena mawa. Ndikawadinda lero, Lachiwiri adzabwezedwadi, ndipo wowabwezetsa mudzakhala inuyo. Ndikufuna munthu amene savota nawo m'dera lino."

Anthu anasekanso a Peterson. Alesi anali atayamba kale kukankha anthu ndi chigongono.

"Ndipatseni njira, ine wa ku Mphuka! Zala izi zathyola tiyi amene anamwa azigogo anu. Ngati pali zakuda kuposa izi, mwini wake abwere."

Panalibe wotsutsa. Mayi Teleza anaviika chala cha Alesi m'kabotolo muja, n'kuchikweza m'mwamba. Kenako Alesi anayenda pakati pa anthu, akuonetsa dzanja uku ndi uku ngati mkwatibwi woonetsa mphete. Anthu anaunjikana kuti aone. Kusiyana kwake kunali koonekeratu. Utomoni wa tiyi unali wodera ngati dothi lonyowa, uli kumimba kwa chala ndi m'ming'alu. Inki inali ya mtundu wa pepo, yowala, itagwira chikhadabo chonse ndi khungu lozungulira. Mwajabu anaika dzanja lake la hina pambali pake, ndipo nalonso silinafanane nayo ngakhale pang'ono.

"Ogwira ntchito athu tawaphunzitsa kusiyanitsa zimenezi," anatero mayi Teleza. "Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi a ana anu, ena ndi ana a othyola tiyi. Komanso sitiyang'ana chala chokha. Tiyang'ana chiphaso chanu, ndi dzina lanu m'kaundula ngati lachongedwa kale kapena ayi. Palibe amene adzamangidwe chifukwa chogwira ntchito yake."

A Peterson anakhosomola. Manyazi anali nawo, koma mtima unali usanagone.

"Pepani amayi, ndifunse mosabisa. Tidziwa bwanji kuti inuyo simunagulidwe?"

Lestina anafuna kulowa pansi. Koma mayi Teleza sanakwiye.

"Funso labwino, ndipo musamaope kulifunsa. Yankho lake ndi ili: musakhulupirire mawu anga okha. Chipani chilichonse chili ndi ufulu woika mamonita, anthu ake oyang'anira, pamalo ovotera. Amaona bokosi lili lopanda kanthu lisanatsekedwe. Amakhala pomwepo tsiku lonse. Powerenga mavoti amaona pepala lililonse, ndipo akakhutira amasaina. Akaona cholakwika amadandaula, ndipo pali njira yake mpaka kukhothi. Uzani zipani zanu zikulembetseni, inu ndi bambo awo a lole. Koma zotseka msewu ndamva zija, ndikuuzeni poyera: umenewo ndi mlandu waukulu. Ndipo mukatseka msewu simunalange chipani chinacho. Mwalanda voti ya akazi anu omwe."

A Uledi ndi amene anayamba kusuntha. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamene panaima a Peterson.

"Achimwene," anatero, "ndamva kuti mumafuna kugwetsera bulugamu pa lole yanga."

"Sindinkadziwa kuti lole yanu ikhalapo."

"Nanenso sindinkadziwa za bulugamu wanu. Bwenzi nthochi za anthu ndikunyamula pamutu."

A Peterson anayesa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka, n'kutambasula dzanja. Amayi anaimba nthungululu, Alesi anavina pang'ono chala chili m'mwamba, ndipo a Raphael anachita kukuwa kuti masamba akufota, sikelo iyambenso. Zitumbuwa za Mwajabu zinatha zonse tsiku limenelo. A Peterson anagula zinayi, ati akufuna aone ngati zasintha kakomedwe.

Lolemba bulugamu anakhala chiimire, ndipo lole ya a Uledi inapita ku Limbe ndi nthochi zake. Amayi a kumalaini anagawana nyumba, kuuza aliyense amene sanali ku shedi zimene anaona ndi maso.

Lachiwiri kunacha ndi kamvula kowaza. Lestina anavala chitenje chake cha kutchalitchi, chopanda nkhope ya munthu aliyense, n'kudutsira kwa Mwajabu. Atafika kusukulu anapeza mzere wafika kale ku bwalo la mpira. Munali amayi a m'munda, amuna a ku fakitale, ogulitsa pa tauni, alimi a tiyi a m'midzi ya ku Kapichi. Patsogolo pa Lestina panaima bwana manijala wa esiteti, atanyowa mapewa ngati wina aliyense, akudikira nthawi yake. Lestina anamugwira Mwajabu pamkono, n'kumulozera ndi maso. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe chimene sanathe kuchifotokoza.

M'kalasi muja, a Peterson ndi a Uledi anali atakhala pa benchi imodzi ya ana, mawondo ali m'mwamba, aliyense maso ali pa bokosi. Mtsikana wa pa tebulo analandira chiphaso cha Lestina, anapeza dzina, kenako anati, "Tione manja, amayi."

Lestina anatambasula zala zake zakuda, za zipsera za jiki.

Mtsikanayo anazitembenuza, n'kumwetulira. "Za tiyi izi. Amayi anga zawo zili chimodzimodzi. Pitani mukavote."

Lestina analowa m'kachipinda kobisika, anachonga munthu wake, anapinda pepala, n'kuliponya m'bokosi. Inki itakhudza chala chake inaluma pang'ono pa bala, koma sanadandaule. Anatuluka panja akumwetulira yekha ngati wamisala. Kumeneko anapeza amayi a mzere wake akuonetsana zala, wina aliyense akuti yake ndi imene yagwira bwino.

Zotsatira anazimva m'mawa mwake. Anapambana wa Wilibala. A Peterson anakhala pakhonde, tiyi akuzizira m'kapu, nkhope ili gwa. Zinawapweteka, ndipo sanabise.

"Tagwa, amake Mwai," anatero. "Ndawerenga nawo ndekha, pepala ndi pepala. Tagwa basi."

Lestina anakhala pambali pawo. Sanawauze amene iye anamuvotera, ndipo iwo sanafunse.

Foni inalira. Unali uthenga wina wa mawu, wochokera kwa mnyamata wa chipani. A Peterson anautsegula. Mawu anali a munthu wina tsopano, koma nyimbo yake inali yomweyo: atibera, mabokosi anasinthidwa kusukulu, tonse tikumane pa msewu ndi miyala, tumizani kwa anzanu msanga.

Lestina anawayang'ana amuna ake. Chala chawo cha inki chinali lendee pamwamba pa foni. Ankadziwa kuti mawu amenewo ndi okoma kwa munthu wogonja, okoma kuposa choonadi.

A Peterson anapuma mozama. Kenako anadina pojambulira mawu, n'kuyandikitsa foni kukamwa.

"Ine ndine Peterson, wapampando wa Ambulera kumalaini. Dzina langa ndi limenelo, nyumba yanga mukuidziwa. Kusukuluko ndinaliko ine, kuyambira bokosi lili lopanda kanthu mpaka pepala lomaliza. Palibe bokosi linasinthidwa. Atiposa mavoti, ndipo ndasaina ndi dzanja langa. Aliyense asiye miyala, apite kuntchito. Wopambanayo ndi khansala wathu tonse, ndipo tikamufunsa zimene analonjeza. Tidzayesanso ulendo wina."

Anautumiza kwa aliyense amene nambala yake anali nayo. Atatha anaika foni pansi.

Lestina anatenga kapu ija, anataya tiyi wozizira, n'kuwathirira wina wotentha. Pa zaka zonse za ukwati wawo, sanawanyadirepo amuna ake ngati m'mawa umenewo. Kumsewu sikunapite munthu. Belu la kumunda litalira, anthu anatenga madengu awo.

Abale ndi alongo, uthenga wopanda dzina la mwini wake, wokuopsezani ndi kukufulumizitsani kuti muutumize, musautumize. Pitani mukafunse kwa oyendetsa chisankho, ndipo ngati mukukayika, ikani anthu anu akaone ndi maso. Mnansi wa chipani china si mdani wanu. Amene akukuuzani kuti mukhale pakhomo kapena mutole miyala akufuna kukulandani voti yanu. Musamupatse. Pitani mukavote ndi manja anu omwewo amene mumagwirira ntchito.